Phiri la Zomba: Msewu wa Alendo, Nkhokwe ya Madzi a Alimi

Msewu wokhotakhota wochokera mumzinda wa Zomba kukafika ku Chawe umatchuka ndi malo okongola oonerapo dziko. Koma nkhalango imene alendo amaitsata kumeneko ndi yomweyo imene imamwetsa mzinda ndi kuthirira mpunga wa alimi a kuchigwa cha Chilwa.

Munthu wochokera ku Blantyre pa msewu wa M3 amayamba kuliona phiri la Zomba akadali kutali, akangodutsa pa Namadzi ndi pa Thondwe. Phirili silidasongoke ngati mapiri ena ayi. Lidatambalala pamwamba pake ngati thandala, ndipo m'mbali mwake muli maphompho ndi matanthwe oima chilili. Pamwambapo pali zidikha, timitsinje, nkhalango ndi nsonga zingapo. Nsonga yaitali kuposa zonse ndi ya Malumbe, imene idakwera mamita opitirira 2,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere.

Patsinde pa phirili, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, pali mzinda wa Zomba. Mzindawu udali likulu la dziko la Malawi kufikira mu 1975 pamene likulu lidasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo adapitiriza kukumana komweko kufikira mu 1994. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mumzindamu mumakhala anthu opitirira 100,000. Onsewa, olemera ndi osauka omwe, moyo wawo udamangika paphirili, ngakhale kuti ambiri mwa iwo amangoliona ngati malo amene azungu ndi mabwana amakapitidwako mphepo Loweruka ndi Lamlungu.

Msewu wokwera ku Chawe

Ulendo wokwera phiri umayambira m'dera la nyumba zakale za boma. Kufupi ndi kumeneko kuli munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanic Gardens, umene udayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe dzina lake lidalowanso m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa m'mundamu utangotsika kumene kuphiri, madzi ake ali ozizira ndi oyera.

Kuchokera apo msewu wa phula umakwera mokhotakhota mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Mbali imodzi kuli khoma la phiri, mbali inayo kuli phompho. Pakona iliyonse mzinda umanka nuchepa, malata a nyumba nkumangonyezimira pansi, ndipo mphepo imasintha kuchoka pa yofunda ya kuchigwa kufika pa yozizira yonunkhira utomoni wa paini. Kale msewu wokwera phirili udali wopapatiza kotero kuti magalimoto sankatha kupatukirana. Okwera adali ndi nthawi yawo, otsika nawonso yawo. Lero ulendowu ndi wosavuta, koma ukufunabe dalaivala wodekha. Potsika, galimoto imayenera kukhala pa giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe, ndipo pamakona pamafunika kusamala chifukwa msewuwu suli wa magalimoto okha. M'mawa uliwonse mumatsika amayi atasenza mitolo ya nkhuni, abambo akukankha njinga zodzaza ndi mitengo, ndiponso malole onyamula zipika.

Pamwamba, m'mphepete mwenimweni mwa phompho, pali hotela ya Sunbird Ku Chawe. Apa ndi pamene alendo ambiri amayambira maulendo awo, ndipo ndi pamenenso amapeza achinyamata operekeza alendo, ogulitsa ziboliboli ndi ogulitsa miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri a m'derali. Kupitirira apo phula limatha. Misewu yoyendera pamwamba pa phiri ndi yafumbi, ndipo m'nyengo ya dzinja imaterera moti imafuna galimoto yamphamvu yokoka ndi mateyala onse anayi.

Malo amene alendo amawatsata

Chakum'mawa kwa phirili kuli malo awiri oonerapo dziko amene mayina awo amakumbutsa za alendo olemekezeka. Queen's View adatchedwa choncho pokumbukira Mfumukazi Elizabeth, mayi wake wa Elizabeth II, yemwe adacheza m'dzikoli mu 1957. Emperor's View ndi chikumbutso cha mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, imene idafika pamalopo mu 1965, ndipo pa chifukwa chimenechi a chipembedzo cha Rasta amawalemekeza malowa kwambiri. Kukacha bwino, munthu ataima pamenepa amaona mzinda wonse pansi pa mapazi ake, chigwa cha Phalombe chitayalidwa ngati mphasa, phiri la Mulanje litatundumuka chakummwera, ndi nyanja ya Chilwa ikung'anima chakum'mawa, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique.

Chakumadzulo kuli Dzenje la Chingwe, una wakuya wobisika pakati pa mitengo. Nkhani za makolo zimati m'dzenjemo ankaponyamo adani a mafumu ndiponso anthu odwala khate. Mtunda pang'ono kuchokera padzenjeli phiri limathera pa phompho lalikulu, pomwe maso amafika mpaka kuchigwa cha mtsinje wa Shire.

Okonda madzi amatsata Mulunguzi. M'mphepete mwa mtsinjewu muli njira ya miyendo yodutsa pansi pa mitengo yachilengedwe kukafika pa mathithi a Mandala ndi a Williams, pomwe mabanja ndi ana asukulu amakhala pamatanthwe nkumadya kamba wawo. Pali damu laling'ono la Chagwa, ndiponso malo odziwika ndi dzina loti Trout Farm, chifukwa cha mtundu wa nsomba za m'madzi ozizira zimene atsamunda adabwera nazo. Alendo ena amagona m'matenti, ena amapalasa njinga, ena amangoyenda wapansi tsiku lonse. Palinso ena amene amachokera kutsidya kwa nyanja kudzafuna mbalame. Kambalame kotchedwa Yellow-throated Apalis sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nkhalango za m'mapiri a kummwera kwa Malawi, ndipo phiri la Zomba ndi limodzi mwa malo ake ochepawo.

Amene ali ndi miyendo yolimba amasiya msewu wa galimoto nkukwera kudzera njira yotchedwa Potato Path, kanjira kotsetsereka kwambiri komwe alimi akhala akutsitsiramo mbatata ya kachewere popita kumsika. Nyengo yabwino yoyendera phirili ndi ya chilimwe chisanafike pachimake, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale kuti miyezi imeneyi ndi imenenso kumagwa chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chikatsika, munthu saona ngakhale mtengo umene uli patsogolo pake, ndipo njira za m'nkhalango zimafanana zonse. Nchifukwa chake mlendo wanzeru amatenga woperekeza wodziwa phirili. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Amene amadyera pamsewu

Galimoto ya alendo ikangoima, imazingidwa ndi achinyamata onyamula timabasiketi ta masitiroberi, mabulosi a m'tchire, magalagadeya, mapeyala ndi zipatso zina malinga ndi nyengo yake. Zipatsozi zimachita bwino kuno chifukwa cha kuzizira ndi chinyontho cha m'phiri. Mlimi wogulitsa pamsewu amalandira ndalama yake m'manja tsiku lomwelo, popanda kulipira galimoto yopita kumsika kapena kudyeredwa ndi mavenda. Woperekeza alendo amagulitsa nzeru zake zokha: kudziwa njira, mayina a mitengo, kulira kwa mbalame ndi mbiri ya malo. Mahotela ndi nyumba zogona alendo amalemba ntchito ophika, alonda ndi osamalira zipinda, ndipo amagula ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku m'midzi yozungulira.

Komabe ndalama ya alendo njosadalirika. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Izi zidaoneka poyera mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa malire a maiko: magalimoto adaleka kukwera phiri, ndipo ogulitsa zipatso ndi operekeza alendo adangoti manja lende. Banja limene limadalira alendo okha limagona ndi njala chaka chimene alendo sabwera, ndipo njala ikavuta, chimene chili pafupi ndi nkhwangwa ndi mtengo. Phunziro lake nlakuti ntchito zokopa alendo ziyenera kukhala zoonjezera pa ulimi, osati zolowa m'malo mwake.

Nkhokwe ya madzi

Chuma chachikulu cha phiri la Zomba sichili m'thumba la mlendo ayi, chili m'madzi. Boma la atsamunda lidakhazikitsa phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo ndi imodzi mwa nkhalango zakale kwambiri zotetezedwa m'Malawi. Pamwamba pa phiri, pafupi ndi msewu wa alendo, pali damu la Mulunguzi, limene lidamalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Alendo amaima padamuli kujambula zithunzi, koma madzi amene amawajambulawo ndi amene amatsika m'mapaipi kupita m'nyumba za mumzinda, kuchipatala chachikulu cha Zomba, kuyunivesite, kundende ndi kumalo a asilikali.

Madzi otsala amapitirira ulendo. Mulunguzi amathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa. Chakumpoto, mtsinje wa Domasi, umene chigwa chake chimalekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa, nawonso umathera m'nyanja yomweyo. M'mphepete mwa mitsinje iwiriyi muli masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, komanso madimba osawerengeka a chimanga, tomato ndi masamba. Mlimi wa mpunga wa ku Likangala mwina sadakwereko ku Chawe chibadwire, koma madzi a m'ngalande yake amachokera komweko.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Moyo wake umadalira mvula ndi mitsinje imene imathiramo. Idalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar ngati dambo lofunika padziko lonse. Asodzi amaphamo matemba, makumba ndi milamba zimene zimagulitsidwa m'misika ya kummwera konse. Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso, mabwato nkutsala pamatope ong'aluka. Chimene chimayambitsa kuphwaku ndi kuchepa kwa mvula kwa zaka zotsatizana, koma kutha kwa mitengo kumtunda kumakulitsa vutoli.

Nkhalango imagwira ntchito ngati nkhokwe. Masamba a mitengo amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula, zinyalala zowolerana pansi zimamwa madziwo, ndipo mizu imawatsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi imene mlimi wa kudimba amawafunitsitsa. Paphiri pakakhala pambalambanda, mvula yonse imathamanga tsiku limodzi, itanyamula nthaka ya chonde. Zotsatira zake ndi ziwiri: m'dzinja mitsinje imasefukira ndi kukwirira ngalande ndi mchenga, ndipo m'chilimwe imauma msanga. Dothi lokokolokalo limakadikha m'damu ndi m'nyanja, nkumachepetsa malo osungira madzi.

Moto ndi nkhwangwa

Mbali yaikulu ya mitengo imene mlendo amaiona pamsewu wa ku Chawe si yachilengedwe. Ndi paini wochokera ku Mexico, amene adadzalidwa kuti dziko lizipeza matabwa. Paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime, ndipo kumudula akakhwima si mlandu, pakuti ndicho cholinga chomudzalira. Vuto limabwera pamene malo odulidwawo sadzalidwanso, kapena pamene mbande zodzalidwa zipsa zisanafike msinkhu wa munthu. Amene akhala akukwera phirili kwa zaka zambiri amaona okha kuti zitunda zimene kale zidali zobiriwira tsopano ndi zitsa ndi udzu.

Mdani wamkulu ndi moto wolusa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, usiku anthu a mumzinda amaona mizere ya moto ikukwawa m'mbali mwa phiri. Moto wina umayamba ndi osaka mbewa ndi nyama, wina umathawa m'minda pamene alimi akutentha mapesi, wina ndi wa ofula njuchi, ndipo wina umayatsidwa dala ndi anthu okwiya kapena ofuna kuti mitengo iume apezerepo nkhuni. Mitengo yachilengedwe ya m'tchire monga masuku ndi mombo imapirira moto ndipo imaphukanso, koma paini wamng'ono akapsa, wapita. Ntchito ya zaka zisanu imatha madzulo amodzi. Za ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya kumpoto kwa Malawi, ziyenera kukhala chenjezo: nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 idaonongeka kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa.

Nkhwangwa nayo siipuma. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mzinda umene ukukula umafuna moto tsiku ndi tsiku. Mayi wosenza mtolo pamsewu wa ku Chawe sadana ndi chilengedwe. Akufuna ufa ndi ndalama ya sukulu ya ana. Lamulo la zankhalango la mu 1997, limene lidakonzedwanso mu 2020, lidakhwimitsa zilango kwa ootcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Koma chilango chokha sichidzaza m'mimba, ndipo alonda a nkhalango ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa phiri.

Anthu a ku Zomba amadziwanso mkwiyo wa phiri. Mu Disembala 1946 mvula yoopsa idagumula mbali za phirili, madzi ndi miyala zidakokolola milatho ndi nyumba, ndipo anthu adafa. Makolo adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Zoterezi zidachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso m'maboma ambiri a kummwera mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana. Kunena zoona, mitengo siingaletse phiri kugumuka mvula ikafika pa muyeso wotere. Chimene imachita ndi kugwira nthaka pa mvula ya chaka ndi chaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi. Chotsalacho ndi udindo wa anthu: kusamanga nyumba m'makwawa ndi kusalima pamalo otsetsereka kwambiri, pakuti madzi saiwala khwawa.

Zimene midzi ingachite

Lamulo la mu 1997 lidatsegula khomo loti midzi izitenga nawo mbali posamalira nkhalango. Limalola kukhazikitsa makomiti a zachilengedwe m'midzi, ndiponso kuti midzi yoyandikana ndi nkhalango ya boma ipangane ndi Dipatimenti ya Zankhalango za kasamalidwe ndi kagawidwe ka phindu. Pangano lotere limayenda bwino pamene malire a dera la mudzi uliwonse akudziwika, pamene mfumu ndi komiti akuyendera limodzi, ndiponso pamene ndalama zolowa zikuwerengedwa pamaso pa anthu onse. Pamene phindu likuthera m'matumba a anthu atatu, ena onse amabwerera kunkhwangwa.

Chachiwiri ndi kuika mtima pa kuteteza kusiyana ndi kudzala kokha. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala m'nyengo yodzala mitengo, ndipo mbande zambirimbiri zimalowa m'nthaka. Funso loyenera kufunsa si lakuti mwadzala ingati, koma lakuti yatsala ingati pofika Novembala. Njira zotchinga moto ziyenera kulambulidwa udzu usanaumitsitse, mu Meyi ndi Juni, ndipo mudzi uliwonse ukhale ndi gulu lodziwika lothamangira moto ukabuka. Kumbali ina ya phirili, bungwe la TREEZ lakhala likuthandiza matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja a m'midzi, ndipo matimuwo amabweza pogwira ntchito yoteteza ndi kuzimitsa moto. Nzeru yake njapafupi: achinyamata amene akadayatsa moto posaka mbewa ndi omwewo amene amasanduka alonda a nkhalango.

Chachitatu ndi kusankha mtengo woyenera malo ake. Bulugamu ndi paini amamwa madzi ambiri, motero sayenera kudzalidwa pa akasupe kapena m'mphepete mwa mitsinje. Malo amenewa ndi a mitengo yachilengedwe monga mbawa, mikuyu ndi katope, pamodzi ndi nsungwi. Pamene pali zitsa zamoyo, kungoteteza malowo ku moto ndi mbuzi ndi kupatulira mphukira kumabweza nkhalango msanga ndiponso motsika mtengo kuposa kugula mbande. M'minda ya m'mbali mwa phiri, mizere yotsata akalozera ndi udzu wa vetiva zimagwira nthaka. Ming'oma ya njuchi imapatsa banja uchi wogulitsa kwa alendo, ndipo mwini mng'oma ndiye amayamba kuthamanga akaona utsi.

Chachinayi ndi kugwirizana kwa amene amadyera pamsewu. Ogulitsa khumi akamathamangira galimoto imodzi, aliyense akutsitsa mtengo kuti apose mnzake, wopindula ndi wogula yekha, ndipo alendo ena amaopa ngakhale kutsitsa galasi. Gulu logwirizana likhoza kukhala ndi malo amodzi aukhondo ogulitsirapo, mitengo yogwirizana, ndi thumba losungira ndalama za miyezi imene alendo amachepa. Operekeza alendo nawo amapindula akakhala ndi zitupa, mitengo yolembedwa poyera, mndandanda wosinthana ndi maphunziro a chithandizo choyamba. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani ya Zomba si ya Amalawi okha. Kumapiri a Nyanga ndi Vumba ku Zimbabwe kulinso misewu yokwera imene alendo amaikonda, minda ya paini imene imaopa moto, ndi mitsinje imene alimi a kumunsi amaidalira. Kulikonse kumene msewu wa alendo umadutsa m'nkhalango ya m'phiri, anthu atatu amamwera chitsime chimodzi: mwini hotela, wogulitsa zipatso pamsewu ndi mlimi wa kuchigwa. Mwa atatuwa, mlendo ndi mwini hotela ali ndi kwina kopita phiri likatsala lambalambanda. Mlimi wa ku Likangala ndi msodzi wa ku Chilwa alibe. Ndiye chifukwa chake pamisonkhano yokambirana za moto ndi mitengo ya paphiri, mipando yoyamba iyenera kukhala ya iwowo.